Tinkawerenga ndi Makutu

Bwalo la ndege lija pano ndi munda wa mbatatesi.
Mdzukulu wanga Tamsin waimika galimoto pachipata,
akuti mphepo ya ku Lincolnshire siseka ndi chifuwa cha nkhalamba,
koma ine ndatsika ndithu.

Apa pamera khwisapa ndi pamene inkagona ndege yathu.
Ndati yathu, poti ife amakaniko tinkangobwereketsa:
anyamata asanu ndi awiri ankaitenga madzulo,
ife n'kumawauza, mubweze bwinobwino, ili ndi eni ake.

Ine sindinaulukepo.
Nkhondo yanga inali ya sipanala,
ya zala zong'aluka ndi chisanu, zomatirira kuchitsulo,
ya girisi wa m'zikhadabo amene sopo anamulephera
mpaka tsiku la ukwati wanga.
Mainjini anayi aja ndinkawadziwa ngati ana a bere limodzi.
Yachitatu inali yachifuwa,
inkatsokomola kawiri isanavomere.

Alwyn Prosser, wamfuti za kumchira,
mwana wa wokumba malasha ku Wales,
ankakodzera tayala lakumbuyo asanakwere, ati mwayi.
Ife tinkamutukwana, mkodzo umadya chitsulo.
Madzulo amenewo anatsamiritsa njinga yake pakhoma la shedi:
"Hedley, tcheni chikungogwa. Undikonzere,
Loweruka mowa ndi wanga."

Tinachotsa zipika kumatayala.
Zinanyamuka imodziimodzi, mimba zili tho ndi mabomba,
mawindo a tchalitchi cha pamudzi ali njenjenje,
kenaka zii.

Kudikira kulibe mendulo.
Tiyi kuzizira m'kapu yachitini,
makadi m'manja koma wowayang'ana palibe.
M'bandakucha tinatuluka. Chifunga chinali khathi,
tinkawerenga ndi makutu.
Khumi ndi imodzi.
Khumi ndi ziwiri, iyo ikutsimphina ndi mainjini atatu.
Khumi ndi zinayi.
Zinapita khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Sajeni Garrod anayang'ana wotchi nati,
mafuta awo atha tsopano,
kulikonse kumene ali, sali m'mwamba.
Kukhitchini mazira awo anauma m'mbale.
Mtsikana wa mu ofesi anafufuta mayina pabolodi ndi kansanza konyowa,
mofatsa, ngati akupukuta mwana kumaso.

Mkuja wake inatera ndege ina, yonunkha penti,
ndi anyamata ena asanu ndi awiri.
Ndinalumbira kuti awa sindiwadziwa mayina.
Pofika Lachisanu ndinali nditawadziwa onse,
ndi mayina a zibwenzi zawo omwe.

Pali china chimene sindinena pamwambo wachikumbutso,
ana asukulu akamandiombera m'manja.
Ndinalembapo ndi choko mawu achipongwe pabomba lina,
tonse tili kikiki.
Patapita zaka makumi atatu, m'sitima yopita ku Hull,
mayi wina wa ku Jeremani anandidulirako apozi,
dzanja lake lili ndi chipsera mpaka m'chigongono.
Ataona maso anga anati, ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
tinabisala kunsi kwa nyumba,
mlongo wanga ndiye sanatuluke.
Apozi uja ndinatafuna mpaka siteshoni yotsatira, osamezeka.
Sindinamuuze kuti ndinali makaniko waluso,
kuti injini yochoka m'manja mwanga
sinkabwerera panjira.

Tcheni chija ndinakonza m'mawa womwewo.
Ndinathira mafuta, ndinapopa matayala,
ndinawongola ndi belu lomwe, limene sanandiuze.
Njinga inakhala pakhoma milungu itatu, ikuvumbidwa ndi mvula.
Tsiku lina ndinaona mnyamata watsopano akuipalasa,
akuimba mluzu, miyendo ili tang'a,
ndipo sindinamuletse.

Tamsin waliza hutala.
Ndikubwera, mwana iwe, ndikubwera.
Koma uko kumapeto kwa munda
thirakitala ya mlimi yatsokomola kawiri isanavomere,
ndipo ine ndaima chilili, chipewa m'manja,
milomo yayamba yokha:
khumi ndi zisanu.