Wokonza Maambulera ku Limbe

Wailesi ya Che Mdoka, wosoka nsapato pambali panga,
yanena mawu ondigwetsa waya m'manja:
akuti mayiko ena amausa pansi pa ambulera
ya mabomba a nyukiliya.
Ambulera!
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pakhonde lino
kulumikiza nthiti zothyoka,
koma palibe anabwera kudzandifunsa.

Ndikanawauza kuti chogwirira n'chimodzi.
Ndimawaona Januwale akafika,
atatu pansi pa nsalu imodzi, ulendo wa ku Chiwembe,
wogwira ali gwa, wouma,
wam'mbali phewa lili nyowe,
akusekerera nthabwala zosaseketsa
kuopa kusiyidwa pamvula.
Wogwira akakhota mukhota nonse
ngakhale kwanu kuli uko.

Akuti asainirana: woputa mmodzi waputa tonse.
Tsidya linalo asainirananso.
Aliyense wanola mphezi yake,
waitsekera m'dzenje,
akulumbira kuti saitulutsa
bola mnzake asatsokomole.
Umenewo akuutcha mtendere.
Che Mdoka akuti kwawo ku Bangwe
kuli nyumba ziwiri zoyang'anana, zoweta agalu olusa.
Sizinaberedwepo, n'zoona,
koma eni ake sagona,
ndipo ana a pakati amazungulira kumanda popita kusukulu.

Ife sitili pansi pa ya uyu kapena ya uyo.
Mpando wathu kulibe kumene amakambirana.
Koma mtambo sudinditsa pasipoti ku Mwanza.
Namondwe uja anachokera kunyanja imene sindinaionepo,
nadzang'amba Soche usiku,
n'kutenga mlamu wanga Esinati ku Chilobwe
pamodzi ndi makina ake osokera.
Sabata imeneyo anandibweretsera maambulera makumi anayi
otembenuka ngati akhwangwala akufa.
Ndinapulumutsa asanu.

Ine ndikamaliza ntchito ndimaitambasula,
kuiloza kudzuwa, kufuna pobooka,
kenako mwini wake alipire.
Yawoyo adzaiyesa bwanji?
Ndi ambulera yanji imene ukaitambasula
ndiyo imagwetsa mvulayo?

Mabatire atha pakati pa chiganizo,
wowerenga nkhani asananene amene waopseza mnzake.
Che Mdoka akuwaluma ndi mano kuti atsitsimuke.
Kwada cha ku Mpingwe.
Mtsikana wa yunifolomu wandipatsa yake yofiira,
nthiti ziwiri zapita,
ali ndi mahandiredi atatu okha,
akuti ndifulumire isanayambe.