Utsi wa ku Mchesi

Miyezi isanu ndakhala ndikusuzumira pansi pa magalimoto
ngati munthu wotaya singano.
Ku Bwandilo anandionetsa yoyera mbee,
injini ikutsokomola ngati wosuta chingambwe.
Ku Kawale ina yonyezimira,
mwini wake akulumbira: "Inkayendetsedwa ndi dona,
kutchalitchi basi, Lamulungu lokha."
Dona uti wopemphera mpaka kudya matayala onse anayi?

Ndinatenga Dzanjalimodzi, makaniko wa ku Biwi,
amene amamva galimoto ndi chikhatho.
Iye safunsa mtengo.
Amasolola kandodo ka oyilo, n'kununkhiza,
n'kutsinzina.

Lachinayi tinaipeza kuseri kwa mpanda ku Mchesi,
yamsinkhu, yobiriwira,
chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi waya,
nkhuku itaikira pampando.
"Ilizeni," anatero.
Inakana. Inakananso.
Kachitatu inabangula,
utsi wa dizilo uli tolotolo,
agalu a mzere wonse n'kuyamba kuuwa.
Dzanjalimodzi anapukuta manja m'thalauza:
"Iyi sinama. Yakalamba poyera."

Tinalimbana pamtengo mpaka mthunzi wa mango unatithawa.
Ndalama za soya wa zaka ziwiri
ndinaziwerenga pa boneti yotentha,
mwini wake akunyambita chala.

Tsopano ndili pamzere wa mafuta ku Kanengo,
magalimoto makumi anayi patsogolo panga,
singano ija ndaipeza, yagona pansi penipeni.
Sindikudandaula.
Dzinja likubwera,
msewu wa ku Kasiya udzasanduka phala,
ndipo chaka chino
wogona m'matope, matumba akunyowa,
sadzakhala ine.