Za Kukhosi

Dzina: Wendell Harju. Zaka: makumi asanu ndi zitatu.
Pomwe fomu ikuti fotokozani mmene ngozi idachitikira
asiyapo mizere iwiri yokha.

Amati mutu umodzi susenza denga.
Wangawu udasenza madenga a theka la Duluth:
bolodi la siling'i paliwombo, misomali pakamwa,
maso kumwamba ngati wolosera mvula,
zaka makumi awiri ndi zinayi.
Ndiye Lachinayi lija, mu Febuluwale,
mnyamata wogwira mbali inayo adayetsemula,
bolodi lidapendeka,
china chake chidati the! kuseri kwa khutu,
moto nkutsika ndi mkono mpaka kuchala cha mkombaphala.

Ndidamaliza chipindacho. Kulakwa kwanga koyamba nkumeneko.
Kapitawo ndidamuuza Lolemba, osati tsiku lomwelo: kwachiwiri.
Kwachitatu ndiko kubadwa kalekale.

Dokotala wa a inshuwalansi adandiona mphindi zisanu ndi zinayi.
Marlys ndiye adawerenga, pa wotchi yapakhoma.
Adakweza chithunzi cha mafupa anga kuwindo
ngati akufufuza ndalama yachinyengo,
nati, Mfundo ziwirizi zaperepeseka ndithu,
koma ndi ukalamba uwu, bambo Harju,
aliyense wa msinkhu wanu ali nazo.
Ndidafuna kupukusa mutu.
Khosi lidakana.

Galimoto yotuwa idakhala masiku atatu patsidya pa msewu,
injini ikulira, magalasi ali chitsekere.
Chipale chitagwa usiku wonse
ndidatenga fosholo kuti Marlys apeze potulukira.
Masekondi makumi anayi.
Kanemayo amuonetsa kasanu tsopano,
kawiri konse mwapang'onopang'ono,
kuti aliyense aone mmene munthu wabodza amaweramira.
Palibe adajambula maola otsatirawo,
ine chagada pansi m'khitchini,
paketi ya nyemba zamufiriji kunkhongo,
ndikuyang'ana siling'i yomwe ndidakhoma ndekha
chaka chomwe Tessa adabadwa.
Yosalala. Mpaka lero yopanda mng'alu.

Loya wanga, mayi Szymanski, akuti pirirani,
mlandu suwola.
Inde suwola.
Koma bwato ndidagulitsa mu Meyi,
makwerero onse awiri adatenga mlamu wanga pamtengo wozizira,
ndipo a banki sadziwa miyambi.

Ndalamayo amaitcha chipukuta misozi.
Ine sindidalirepo pamaso pawo.
Mwina vuto ndi limenelo.

Usiku tulo timabwera m'zidutswa.
Mapilo ndayesa asanu ndi limodzi.
Batani la malaya limandipulumuka m'zala
ngati kansomba,
Marlys nkundimangira, osanena kanthu,
ine nkumuthokoza mokalipa.

Mu Okutobala atsekwe adadutsa pamwamba pa nyumba
kulowera kummwera. Ndidangowamva.
Mlatho wa padoko ukamakwera kuti sitima idutse
ndimaona miyendo yake basi.
Wina akandiitana ndimatembenuka thupi lonse
ngati chitseko,
anzanga akale nkumati Wendell wayamba matama.

Lero tili m'chipinda cha milandu, nsanjika yachitatu.
Woweruza akutembenuza mapepala, chala kunyambita.
Fayilo yanga yanenepa kuposa ine.
Akuti, Muli ndi choonjezera, bambo Harju?

Za kukhosi zilipo, bwana, zambiri,
koma khosilo ndi lomwe mukuti ndi labodza.

Sindingathe kuyang'ana kumwamba,
komabe chipinda chino ndikuchidziwa.
Tidakhoma ine ndi malemu Arvid, sabata ya chisanu choopsa,
mahita asanalumikizidwe.
Pakona apo, pamwamba pa mbendera,
kuseri kwa bolodi, pali zilembo za pensulo:
W.H., ndi kankhope koseka komwe adajambula Arvid.

Mboni yanga ili pamutu panu.
Ndinu nokha muno amene mungaweramuke nkuiona.

Sindidanene zimenezo.
Ndidati, Ayi, palibe.
Mlandu auimitsa mpaka Juni.