Tepi ya Mayi Shawa

Ngalande ya ku Navutika ndinaimanga ndine,
ine Gelevazio, anyamata asanu
ndi wilibala imodzi yolira ngati mwana wa mbuzi.
Mvula itagwa, madzi anadutsamo bwinobwino
mpaka kukagwera mu Lunkhwakwa.
Ndalama yanga yokha ndiyo inasowa njira.

Ndinati mamita mazana awiri ndi makumi anayi.
A Ziwa, eni kontirakiti, anati zana ndi theka,
ndiponso simenti ndinaiwotcha manja.
Miyezi itatu foni yawo inkangolira
ngati ili m'thumba la munthu womira.

Kukhoti? Kumeneko mlandu umamera imvi.
Anyamata anga sadya tsiku losinthidwa.

Koma pansi pa pepala lomwe tinasainirana,
pomwe kapu ya tiyi inasiya mkombero,
panali dzina lomwe tonse tinalivomera
tisanayambe kudutsana pamsewu ngati alendo.

Mayi Shawa anafika Lachiwiri atavala majombo.
Anakana madzi anga.
Anakananso chakumwa chozizira cha m'galimoto ya a Ziwa.
Anapempha kabuku kanga kothimbirira thukuta,
malisiti awo, zithunzi za m'foni,
kenaka anatulutsa tepi.
A Ziwa anagwira uku, ine uko.
Chiyambire Disembala,
kanali koyamba kugwira chinthu chimodzi.

Tepi ilibe malume.
Inawerenga mazana awiri ndi makumi anayi, osachotsera.
Ndinayamba kumwetulira.

Pafupi ndi kamlatho mayiwo anagwada,
nakanda khoma ndi msomali.
Linayoyoka ngati chigumu cha dzana.
Sanandiyang'ane.
Ine ndinakumbukira Lachisanu lija matumba atatha,
pamene ndinauza Yobe kuti, wonjezera mchenga,
ndani adzaone?

Kalata inabwera sabata yachitatu, masamba anayi.
Mamita khumi a pakamlatho, palibe malipiro.
Otsalawo alipiridwe pasanathe masiku khumi ndi anayi.
Wosakhutira akadandaule kutsogolo,
koma ndalama iyambe yafika.

A Ziwa akuti adzapita kutsogoloko. Apite.
Foni yanga inalira ndili ku Kapata,
ndikutsutsana mtengo wa kapenta.
Ndinaitana anyamata mmodzimmodzi,
aliyense ndi chake m'manja, tikuwerengera limodzi.

Pa zotsala ndagula matumba atatu.
Palibe wandituma, kalatayo sinanene.
Mawa m'mamawa ndili pakamlatho,
chifukwa msomali uja
ukundikandabe usiku.