Yein

Ku Belvedere, m'nyumba ya Mayi Karandikar,
ntchito yanga ndi kusita ndi kuwakumbutsa mankhwala.
Chimarathi sindinachiphunzire pa bolodi,
chinangondilowa ngati fungo la anyezi m'malaya.

Magetsi akathima, iwo amati, "Yeil."
Adzabwera.
Mitambo ikaunjikana cha ku Kopje, "Paus padel,"
ine liwiro kukaanula zovala,
kaya igwa, kaya ingotinamiza.
Malipiro akachedwa, "Udya dein,"
ndidzakupatsa mawa,
ndipo kunena zoona, amandipatsadi.

Ife "dza" wathu timamubisa pakati pa liwu
ngati ndalama yomangidwa pa nsonga ya chitenje.
Iwo zam'tsogolo amazipachika kumchira,
-in, -il, -el,
n'kumangolendewera pamenepo.

Lamlungu lililonse foni imalira kuchokera ku Pune.
Mwana wawo. Ndimamva ndili kukhitchini:
"Yein, Aai, yein."
Majakaranda a mumsewu mwathu
ayoyola maluwa kasanu chiyambire kumva mawuwo.
Mayi amaika foni pansi pang'onopang'ono
n'kuuza khoma, "Baghu."
Tiona.

Lero madzulo mu kombi ya ku Mufakose,
nditapanikizika pakati pa thumba la tomato
ndi bondo la munthu wosamudziwa,
amayi anga aimba kuchokera ku Ntcheu:
denga layambanso kudontha, kodi ubwera liti?

"Ndidzabwera," ndatero,
kukhosi kuli gwa,
poti tsopano ndikudziwa
mmene liwuli limamvekera
kwa amene watsala uko, foni ili m'manja.