Mapaipi a Buick ya a Ostrowski

Anabwera nayo Lachiwiri, chipale chikusungunuka m'misewu ya Toledo,
Buick ya mu 1968, yaitali ngati ulaliki wa pamaliro,
yobiriwira, yoyenda monyang'ama
moti ndinadzidzimuka itandipumira kumsana.
Pampando wakumbuyo, katoni ya mapaipi atsopano,
onyezimira mbee, kukamwa kolowa chibakera changa.

"Mayi Lorna, ndiikireni awa. Ndikufuna izibangula."

Ndinapukuta girisi m'manja, ndinalowa kunsi kwake ndi tochi.
Zaka makumi atatu ndagona chagada pansi pa zitsulo zoterezi,
ndikudziwa chimene ndikunena, Dashiell:
iyi si galimoto yampikisano.
Anaipanga kuti ikhale pabalaza poyenda ndi matayala,
mipando ngati masofa,
woyendetsa akayetsemula wakumbuyo amve n'kupepesa.
Ukaiveka mapaipi otere injini ipuma bwinoko, inde,
koma thupi la matani awiri silidzadziwa n'komwe.
Udzangokolola mng'ung'udzo pamsewu wopita ku Detroit,
ng'uuu m'mano, ng'uuu m'chigaza,
mpaka kudana ndi wailesi yako yomwe.
Chikomekome cha mkuyu, mwanawe.
Ndikuitanitsira sailensa yofatsa, ngati imene inabadwa nayo.
N'njotchipanso.

Sanatsutse.
Anangokanda dzimbiri la pabampala ndi chikhadabo.

Kenaka: "Ndi ya agogo anga, a Casimir.
Makina opondereza zitsulo kufakitale anawadyera makutu.
Pano ali kunyumba ya okalamba ku Sylvania,
zenera lawo layang'ana poimika magalimoto.
Lamlungu lililonse ndimaiimika pamaso pawo,
kuliza hutala, kukupiza manja.
Iwo maso pakhoma.
Chiyambire Okutobala sanatulutse liwu."

Ndinakoka makina owotcherera.

Ntchitoyo sindinaikonde, ndisaname.
Paipi yakale inagwa ngati fupa lofumbwa, dzimbiri waa kumaso kwanga.
Atsopanowo anakana kukhazikika,
ndinapinda, ndinatukwana, ndinapindanso.
Titailiza usiku umenewo masipanala anavina pakhoma,
galu wa kuseri kwa mpanda anayankha.
Zinali ngati mayi wolemekezeka, wachipewa chake,
wageya m'tchalitchi nthawi ya pemphero.

Lamlungu ndinapita nawo.
Ndinati ndikamvetsere ngati pena pakuthawa mpweya.
Bodza.

Dashiell anaiimika kunsi kwa zenera,
anaponda mafuta kamodzi, galasi linanjenjemera,
kawiri, nesi anasuzumira pakhomo nkhope ili ndwii.
Kachitatu
katani inasuntha.
Chikhatho chamakwinya chinafika pagalasi
n'kukhala pomwepo,
ngati dokotala akumvetsera chifuwa cha munthu amene amamudziwa kalekale.
Zenera linakwera pang'ono,
ndipo mawu adzimbiri, ogona miyezi isanu osalizidwa,
anakhosomola kaye, kenaka anagwira:

"Ndani wandiwonongera galimoto yanga?"

Mnyamata anagwetsa mutu pachiwongolero,
mapewa akugwedezeka.
Kaya kunali kuseka kaya kulira,
mapaipi aja sanandilole kumva.

Mukandifunsa lero ngati zimphona zakalezi
zimayenera mapaipi aphokoso,
ndikuuzanibe kuti ayi,
ndipo ndikuonetsani ndi tochi chifukwa chake.
Sailensa yofatsa ija ndinaitanitsa ndithu.
Inafika mwezi watha,
ili pashelefu yapamwamba, pakati pa mabatire akufa,
pakatoni ndinalembapo Ostrowski ndi choko.
Nambala ya mnyamatayo ndili nayo.
Sindinamuimbire.