Nkhono Yachitsulo

Tinaipeza ku Thondwe, kuseri kwa chigafa cha fodya,
matayala ataphwa kalekale,
nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala.
Mwini wake anati inali ya bwana wa esiteti,
masilinda asanu ndi atatu, mmero wa chidakwa.
Anatigulitsa pa mtengo wa mbuzi zinayi
natiseka tikuikoka ndi chingwe mpaka ku Chinamwali.

Miyezi isanu ndi iwiri ine ndi Asiyatu tili kunsi kwake,
iye ndi ndodo zake zowotcherera,
ine ndi sipanala ya namba teni
imene imasowa tsiku lililonse.
Magetsi akathima, foni ndimailuma pakamwa
kuti manja onse awiri agwire ntchito.

Tebo tinaichotsa pa lole imene inagubuduka pa Namadzi.
Ukaiyang'ana ndi nkhono basi,
yopindika, yozizira, yolemera ngati khanda.
Ana obwera kusukulu anaima pakhomo la galaja:
"Amalume, nkhono ingathamangitse galimoto?"
Ndinati: injini ikapuma, utsi umene yataya
umazunguza timapiko ta m'katimu,
timapikoto nkukankhira mpweya watsopano kukhosi kwake.
Chimene yataya ndicho chimabwera ndi mphamvu.
Asiyatu anakweza chigoba chake chakumaso.
"Usalalikire. Ndipatse bawuti."

Petulo ndinamudikira masiku atatu pamzere,
udzudzu wa Likangala ukundiwerenga nthiti,
malita khumi m'chigubu chachikasu.
Nasibeko, mayi wa ana anga, anawerenga pa zala:
fizi, lendi, malata a kukhitchini akudontha.
"Zonsezi nza mphindi zingati?"
Ndinati si mphindi. Masekondi khumi ndi atatu.
Anatseka chitseko mwakachetechete,
bola akanachimenyetsa.

Lamulungu m'bandakucha, nkhungu isanatsike paphiri,
pa msewu wosiyidwa kuseri kwa Matawale,
tinayeza mamita folo handiredi ndi chingwe chomwe chija,
mzere tinalemba ndi phulusa.
Kumanja kwanga Kachingwe wa ku Limbe,
galimoto yake yonyezimira ngati nsapato ya mkwati.
Akabaza anasiya makasitomala.
Mnyamata wina anavula malaya ofiira, nawakweza m'mwamba.

Malaya anagwa.
Ndinaponda.
Palibe.
Nkhono imayamba yaganiza kaye.
Sekondi imodzi, ina, Kachingwe ndikumuona kumbuyo kwa mutu,
mtima wanga uli pa malata odontha aja.

Kenako likhweru.
Lochepa poyamba, ngati ketulo ya kwa aneba,
likukwera, likukwera, lalowa m'mano,
mpando wandimenya pamsana ngati ngongole yakale,
mabulugamu asanduka mpanda umodzi,
singano yanjenjemera yafika pofiira,
giya yachitatu yalowa ndi mkokomo,
ndipo phiri lonse la Zomba,
limene landiyang'anira pansi chibadwire,
ndinaliona likutsala.

Tinadutsa paphulusa limodzi.
Ena akuti ine, ena akuti iye,
wa foni yojambulira anali atatseka maso.

Patsogolo pang'ono, phu!
Nthunzi yoyera, fungo lotsekemera la madzi otentha,
gasiketi yapita.
Ndinazimitsa, ndinakhala duu,
manja akunjenjemerabe pachiwongolero,
chitsulo chikuzizira, chikuti the, the, the.

Asiyatu anafika wefuwefu, sanandifunse ngati ndili bwino.
Anatsegula boneti ndi nsanza,
nayang'ana msoko wake wa paipi, mkanda ndi mkanda.
"Wanga sunang'ambike," anatero.

Tinaikokanso ndi chingwe chomwe chija,
kudutsa anthu opita ku tchalitchi atanyamula mabuku.
Pakhomo, Nasibeko akuyanika zovala,
sanatembenuke.
"Ndamva likhweru lako mpaka kuno," anatero.
Ndinadikira mawu ena.
Anapachika malaya a mwana, kenako ena.
"Gasiketiyo ndi ndalama zingati?"